Timagalimoto takale tija: kodi mtima ukunama?

Funso: Ndili mnyamata ndinali ndi Toyota Starlet ya zitseko zitatu, yogula kwa munthu. Lero ndili ndi galimoto yatsopano, yabwino pa chilichonse, koma ndikamayendetsa sindimva kanthu. Ndikaona Starlet, Volkswagen Golf yoyamba ija kapena Fiat Uno ikudutsa, mtima umandiwawa. Kodi timagalimoto ta hatchback tija, ta chitseko chachikulu chakumbuyo, tinalidi tokoma kuyendetsa, kapena ndikungolira unyamata? Nanga ndingalakwitse nditagula ina yoti ndizinyamulira banja langa tsiku ndi tsiku?

Yankho: Bambo, mwafunsa mafunso awiri, ndipo mayankho ake sakulowera kumodzi. Pa loyambalo, mtima wanu sukukunamizani. Pali zinthu zenizeni, zina zoti n'kuziyeza pa sikelo, zimene timagalimoto tija tinali nazo koma yanu ya leroyi ilibe. Pa lachiwirilo ndikuletsani, ngakhale kuti inenso ndimatikonda moti kakadutsa kamodzi ndimasiya sipanala n'kukweza mutu.

Nkhani yaikulu ndi kulemera. Golf yoyamba, imene inatuluka mu 1974 itajambulidwa ndi Giorgetto Giugiaro, inkalemera makilogalamu pafupifupi 800. Citroën AX ya 1986, ija ya injini yaing'ono kwambiri, inali ndi makilogalamu 640 okha. Uno zoyambirira ndi Starlet zambiri za m'ma 1980 sizinkafika 800. Golf ya lero imapitirira makilogalamu 1,250. Ngakhale Polo, yomwe inabadwa mu 1975 ngati mng'ono wake wa Golf, lero ndi yaitali kuposa mamita 4, pamene Golf yoyamba ija inali mamita 3.7 basi. Dzina lokha ndi limene latsala, galimotoyo inakula kalekale.

Galimoto ikapepuka, zonse zimene zili pa iyo zimapepukanso. Sifuna injini yaikulu, sifuna mabuleki aakulu, sifuna matayala otakata. Yanu ija mwina inali ndi matayala a mamilimita 145 kapena 155 m'lifupi, pa marimu a mainchesi 12 kapena 13. Tayala lowonda chotere, lonyamula katundu wochepa, munthu amatha kulikhotetsa ndi mikono yake popanda pampu kapena mota yomuthandiza. Ndiye pakati pa manja anu ndi msewu panali chitsulo chokhachokha. Tayala lakutsogolo likaponda mchenga, manja anu ankadziwa. Likayamba kuterera pokhota, chiwongolero chinkapepuka pang'ono m'manja maso anu asanaone chilichonse, ndipo phazi linkachoka lokha pa mafuta. Magalimoto ambiri a lero chiwongolero chawo chimathandizidwa ndi mota yamagetsi, ndipo opanga amayesetsa dala kuti kunjenjemera kwa msewu kusafike m'manja. Ogula ambiri amafuna zimenezo. Koma m'kunjenjemera momwemo ndi mmene munkamvera zimene galimoto ikukuuzani.

Phazi lamanja linalinso ndi nkhani yake. Pedulo ya mafuta inkakoka waya, wayayo n'kutsegula kachitseko ka mu kabuleta. Mukaponda pang'ono, injini inkayankha pompo, ndipo mukaponda mopitirira pa giya yolakwika inkatsamwa n'kukudziwitsani kuti mwalakwa. Lero pedulo imangotumiza uthenga ku kompyuta, kompyutayo n'kuganiza kuti ipereke mafuta ochuluka bwanji, poganiziranso utsi ndi kusunga petulo. Imachita bwino kuposa phazi la munthu aliyense. Koma dalaivala wasanduka wopempha, pamene kale anali wochita.

Palinso chinthu chimene anthu ambiri sachizindikira: liwiro limene munthu amalimva ndi losiyana ndi limene singano ikuwonetsa. M'kagalimoto kakale munkakhala pafupi ndi pansi, zitseko zili zopyapyala, nsanamira za denga zili zowonda, magalasi ali aakulu mbali zonse. Injini ya malita 1.0 kapena 1.3 inkafunika kuikweza mpaka ilire kuti mukwere chitunda, ndipo kutsitsa giya pa nthawi yake inali ntchito yofuna luso. Pa makilomita 80 pa ola zonse zinali zikulankhula: mphepo, injini, matayala, giya m'dzanja. Munkagwiritsa ntchito pafupifupi mphamvu zonse za galimotoyo musanaphwanye n'komwe lamulo la pamsewu. Yanu ya leroyi pa liwiro lomwelo imakhala isanayambe n'komwe kutuluka thukuta, ndipo kuti muimve ikugwira ntchito mungafunike kuthamanga liwiro loti simuyenera kuliyesa pamsewu wa anthu. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene simukumvera kanthu. Galimotoyo siyoipa ayi, koma sikukufunani mmene inkakufunirani ija.

Simunanene kuti Starlet yanu inali ya chaka chiti, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu. Ya 1978 mpaka 1984, imene amaitchula KP60, inkakankha ndi matayala akumbuyo, pa nthawi imene timagalimoto tina tambiri tinali titasamukira kale kutsogolo. Ngati inali imeneyo, kukumbukira kwanu kuli ndi maziko enanso, pakuti matayala akutsogolo ankangowongolera basi, ndipo kumbuyo kunkasewera pang'ono pamsewu wafumbi kapena wonyowa. Anthu ampikisano wa magalimoto amaisakasaka mpaka pano chifukwa cha zimenezi. Kuyambira 1984, ndi mtundu wotchedwa EP70, Starlet inayamba kukoka ndi matayala akutsogolo ngati anzake, mpaka inasiya kupangidwa mu 1999 pamene Vitz, yomwe kwina inkatchedwa Yaris, inalowa m'malo mwake.

Kukoma konseku sikunali cholinga cha amene ankapanga. Iwo ankafuna galimoto yotsika mtengo, yosamwa mafuta, yonyamula anthu anayi ndi katundu wawo. Renault 4 ya 1961 inawonetsa kuti chitseko chachikulu chakumbuyo chotsegukira m'mwamba chimasandutsa kagalimoto kakang'ono kukhala konyamula chilichonse, ndipo zinapangidwa zoposa 8 miliyoni. Alec Issigonis, pa Mini ya 1959, anagoneka injini chopingasa kuti anthu apeze malo ambiri. Dante Giacosa wa ku Fiat anakonzanso nzeru imeneyo poika giyabokosi pambali pa injini m'malo moiika pansi pake, poyamba pa Autobianchi Primula ya 1964, kenako pa Fiat 128 ndi 127. Kakonzedwe kameneko ndi kamene pafupifupi kagalimoto kalikonse kakutsatira mpaka lero. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, anthu anathamangira ku timagalimoto totere, ndipo m'zaka khumi zokha kunabwera Golf, Polo, Ford Fiesta ya 1976, Daihatsu Charade ya masilinda atatu, Fiat Panda ya magalasi osapindika ya 1980, Nissan March ndi Opel Corsa za 1982, kenako Uno ndi Peugeot 205 mu 1983. Kupepuka kunabwera chifukwa chitsulo chimadya ndalama. Ena atazindikira zimene kupepukako kungachite, anaika injini yamphamvu m'thupi lomwelo: Golf GTI ya 1976 inali ndi mphamvu ya mahatchi 110 pa makilogalamu 810, ndipo 205 GTI inatsatira mu 1984. Komabe ine ndimaona kuti zija wamba, za injini yaing'ono, zinkaphunzitsa munthu kuyendetsa kuposa za GTI, chifukwa liwiro ukalitaya pokhota sunkalipezanso msanga.

Ndiye pali mbali ina, ya kudziwana ndi galimoto. M'mawa kukazizira munkakoka choki, kachogwirira kothandiza injini yozizira kumwa petulo wochulukirapo, n'kuponda mafuta kamodzi kapena kawiri, n'kuliza, kenako n'kumabweza chokiyo pang'onopang'ono mukumvetsera injini. Aliyense ankadziwa mmene yake imafunira, ndipo mnzanu akaibwereka inkamukanira. Mukatsegula boneti munkaona chilichonse, mwina mpaka pansi penipeni kudutsa m'mbali mwa injini. Mapulagi, mapointi a mu disitiributa, fyuluta ya mafuta, lamba wa fani: zonsezi munthu ankazikonza yekha ndi masipanala ochepa ndi sikuludiraiva. Batire ikatha mphamvu, anthu awiri ankakwanira kuikankha, giya yachiwiri, kusiya kilatchi, basi yalira. Chinthu chimene wachikonza ndi manja ako n'kukufikitsa kumene umapita, umachikonda mosiyana ndi chimene umangochipereka ku galaja kuti achilumikize ku kompyuta. Chikondi chimenecho n'choona, ndipo sindichiwerengera ku unyamata wokha.

Unyamatawo ulimo ndithu, sitingaukane. Kwa ambiri a ife kagalimoto kotere kanali koyamba, ndipo tsiku loyamba kupita kumene ukufuna popanda kudikira munthu silibwera kawiri. Msana unali wolimba, makutu sankatopa ndi phokoso, ndipo kufa kwa galimoto panjira inali nkhani yokasimba. Zimenezo palibe wogulitsa amene angakugulitseni pamodzi ndi makiyi.

Tsopano zimene mtima umasiya posimba. Umasiya kuwira kwa lediyeta pa chitunda masana, mipando ya pulasitiki yotentha, magalasi ochita nthunzi mvula ikamagwa, nyali zofooka usiku, ndi mapointi ofuna kuchunidwa pafupipafupi. Izi n'zazing'ono, munthu wozikonda amazipirira. Chimene sindingachipeputse ndi ngozi.

Kupepuka kuja kumene ndakutamandaku kunagulidwa ndi chitsulo chimene chikanakutetezani. Bungwe la Euro NCAP, loyesa chitetezo cha magalimoto ku Ulaya, litayamba kuwombetsa magalimoto poyera mu 1997, linkawagundanitsa chakutsogolo pa makilomita 64 pa ola, mbali imodzi yokha ya mphuno ikumenya chotchinga. Rover 100, yomwe inali Austin Metro ya 1980 yokonzedwanso, inapeza nyenyezi imodzi yokha ya chitetezo, ndipo sipanapite nthawi inasiya kupangidwa. Chimene chinkachitika pa magalimoto a m'badwo umenewo n'chakuti chipinda chokhala anthu chinkapindika: chiwongolero chinkabwera pachifuwa, mapedulo n'kulowa kumiyendo, chitseko n'kukanika kutseguka. Galimoto ya lero mphuno yake imapangidwa kuti ifwanyike n'kumwa nkhonyayo, pamene chipinda cha anthu, chopangidwa ndi chitsulo cholimba kwambiri, chimatsala chilili. Nsanamira zonenepa zimene zimakutchingirani pokhota zija ndi zimene zimagwira denga galimoto ikagubuduzika.

Onjezani kuti kagalimoto kanu kadzayenda pakati pa magalimoto amene akula. Galimoto ya makilogalamu 800 ikagundana maso ndi maso ndi ya makilogalamu 1,600, kusintha kwa liwiro kumene anthu a m'yaing'onoyo amakumana nako kumakhala kowirikiza kawiri kwa anzawowo. Ili ndi lamulo la chilengedwe, luso la dalaivala sililisintha. Ambiri mwa timagalimoto ta m'ma 1970 ndi 1980 tilibe airbag, thumba lofufuma pa ngozi kuti liteteze munthu, tilibe ABS yoletsa matayala kumangika mukaponda buleki mwadzidzidzi, tilibe makina a ESC obweza galimoto ikayamba kuzungulira, amene ku European Union anakhala okakamiza pa galimoto iliyonse yatsopano mu 2014. Zina kumbuyo zili ndi lamba wa m'chiuno mokha, zina zilibiretu, ndipo malo omangirira mpando wa mwana mulibe. Thupi limene linali lofooka lili latsopano, lero ladyedwanso ndi dzimbiri kwa zaka makumi angapo. N'chifukwa chake ndikuti ayi, bambo. Ana ndi mayi awo aziyenda mu yatsopanoyo, ngakhale isakukomereni.

Koma ngati muli ndi malo oisungira ndi kandalama kapadera, gulani ngati galimoto yachiwiri, yanu ya tsiku lopuma, pa misewu yopanda magalimoto ambiri ndiponso masana. Pamenepo ndikulimbikitsani ndi mtima wonse.

Musanapereke ndalama, yendetsani ina kwa nthawi yotalikirapo, osati kungozungulira pafupi. Lowani nayo pamsewu waukulu malole akudutsa, imani nayo pa mzere wa magalimoto kutatentha, ikhotetseni pamalo opanikiza ili chiimire kuti mikono ikumbuke. Ena amatsika akumwetulira, ena amatsika atazindikira kuti chimene ankachisowa sichinali galimoto. Onsewo apindula, ndipo achiwiriwo sanataye kanthu.

Posankha, yambani ndi thupi, injini ibwere pambuyo. Injini ya timagalimototi ndi yosavuta, makaniko aliyense wodziwa ntchito angaitsitse n'kuikonza. Dzimbiri ndi limene limapha. Penti yonyezimira pa galimoto ya zaka 40 izikuchititsani mantha m'malo mokukopani, paja akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tengani kamaginito n'kukayendetsa m'munsi mwa zitseko, m'mphepete mwa matayala ndi pa chitsulo chachitali cha pansi pa zitseko. Pamene kakukana kumata, pamatidwa phala lobisa bowo. Tukulani kapeti mugwire pansi ngati pali chinyezi. Chotsani tayala lapadera muone m'dzenje lake, chifukwa mphira wa chitseko chakumbuyo ukatha madzi amadikha m'menemo. Yang'anani m'makona a galasi lakutsogolo, pansi pa batire pamene asidi amadontha, ndiponso pamwamba pamene mashoko akutsogolo amamangirira mkati mwa boneti. Dzimbiri la pa chitseko ndi nkhani ya maonekedwe. Dzimbiri la pomangirira mashoko, pomangirira malamba a mipando kapena pamene ekiselo yakumbuyo imagwira thupi ndi nkhani ya moyo, ndipo galimoto yotero isiyeni ngakhale mtengo utsike bwanji. Ikwezeni pa jeke kapena muiyike pa dzenje, mulowe pansi ndi tochi. Wogulitsa wokana zimenezi wakuuzani kale zimene mumafuna kudziwa.

Mtundu uliwonse uli ndi nthenda yake. Pa Peugeot 205 imani kumbuyo muone ngati matayala akumbuyo apendekera mkati chakumwamba, chizindikiro choti mabering'i a mu ekiselo atha. Pa Golf yoyamba onani paipi yothirira petulo, imene ikachita dzimbiri imalowetsa madzi ndi zinyalala mu thanki n'kumatseka kabuleta. Pa Starlet dziwani injini imene ilimo: za KP60 zili ndi tcheni choyendetsa mavalavu, pamene injini ya 2E ya mu EP70 ili ndi lamba wogwira ntchito yomweyo, timing belt, ndipo lamba amene simukudziwa tsiku limene anaikidwa muzimuyesa wotha.

Ganiziraninso za masipeya, chifukwa galimoto yokhala pa miyala miyezi ikudikira kachitsulo kamodzi sisangalatsa munthu. Mitundu imene inapangidwa nthawi yaitali ndiyo yosavuta kusamala. Golf yoyamba inapitiriza kupangidwa ku Uitenhage, South Africa, ndi dzina loti Citi Golf kuyambira 1984 mpaka 2009. Uno yoyamba inapangidwa ku Brazil mpaka 2013, ndipo Maruti 800 ya ku India, yochokera ku Suzuki Alto, inafika 2014. Izi zikutanthauzanso kuti mungapeze thupi la kapangidwe kakale koma la zaka zochepa, ndipo zina zakumapeto zili ndi fuel injection, makina opopera petulo mu injini, m'malo mwa kabuleta. Injini yotero imalira msanga m'mawa ndipo sivuta. Choki mudzaisowa, koma kupepuka ndi chiwongolero chija zilipobe. Musanamizidwe ndi chaka chake n'kuganiza kuti ndi yotetezeka ngati ya lero, pakuti mafupa ake ndi a kale lomwe lija. Masipeya a injini ndi mabuleki amapezeka nthawi zambiri. Ovuta ndi magalasi, nyali, mphira wa zitseko ndi mapulasitiki a m'kati, choncho sankhani galimoto imene zimenezi zili zonse.

Mukaigula, ndalama yoyamba isapite ku penti kapena wailesi. Ipite ku mabuleki: mapaipi a mphira, mapaipi achitsulo a pansi, masilinda a kumatayala akumbuyo, ndi mafuta a buleki atsopano, chifukwa akale amamwa chinyezi n'kuwira mukamatsika chitunda chachitali. Kenako mapaipi onse a petulo. Petulo wa masiku ano m'mayiko ambiri amasakanizidwa ndi ethanol, amene amaumitsa mphira wakale mpaka kung'aluka, ndipo petulo wodonthera pa ekizozi yotentha wapsereza magalimoto akale ambiri. Muziyenda ndi kachozimitsira moto. Za mtovu, umene kale unkathiridwa mu petulo, musade nkhawa kwambiri. Petulo wa magalimoto wokhala ndi mtovu anatheratu padziko lonse mu 2021, Algeria ikukhala yomaliza, koma injini zambiri za ku Japan za m'ma 1980, ndi zina zambiri za hedi ya aluminiyamu, zimamwa wopanda mtovu bwinobwino. Yofuna kufunsa makaniko ndi injini yakale ya hedi yachitsulo, imene pokhalira mavalavu pake pamatha kudyeka. Tsukani lediyeta, sinthani mapaipi a madzi ndi thermostat, valavu yolamulira kutentha kwa injini, ndipo musalole wina kuichotsa ponena kuti ndiyo ikuwiritsa injini. Malamba a mipando akatha kapena akaleka kugwira mukawakoka mwamphamvu, ikani atsopano.

Matayala ayang'aneni deti, osati mizere yokha. M'mbali mwake muli manambala anayi, awiri oyamba ndi sabata, awiri otsiriza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala lokhalitsa limauma ngakhale likuwoneka latsopano, ndipo pa galimoto yopanda ABS tayala ndilo lokha likuimitsani. Pogula atsopano, gulani a saizi imene galimotoyo inabadwa nayo. Ambiri akangogula kagalimoto kotere amathamangira marimu aakulu, matayala otakata ndi kudula masipuling'i kuti kakhale pansi. Zikatero chiwongolero chimalemera, galimoto imayamba kutsata mizere ya msewu, mabering'i ndi mabushi zimatha msanga, ndipo kainjini kaja kamavutika kuzungulitsa marimu olemerawo. Starlet imene mukuikumbukayo inali ya matayala owonda ndi masipuling'i a kufakitale, ndipo ngati mukufuna kuimvanso m'manja, musiye zimenezo mmene zilili.